Za Chishalo cha Njinga

1. Njinga za pa msewu wa Chirimba

Msewu waukulu wochokera ku Lunzu ulowa mu mzinda wa Blantyre podzera pa Kameza ndi pa Chirimba. Pa Kameza ukomana ndi msewu wina wochokera ku bwalo la ndege la Chileka. Munthu woima pafupi ndi msika wa Chirimba m'mamawa, dzuwa lisanatuluke kuseri kwa phiri la Ndirande, aona njinga zili kudza motsatana. Zina zasenza matumba a makala, zina madengu a matimati ndi anyezi, zina mitolo ya nzimbe, zina nkhuku m'zitete. Eni ake ena anyamuka kwawo tambala asanalire, ndipo madzulo adzabwerera ndi njira yomweyo. Kwa anthu otere njinga ndiyo munda wawo, pakuti ufa wa pabanja, sopo ndi makope a ana zichokera pamenepo.

Munthu akafuna kugula njinga ayang'ana matayala, tcheni, mabuleki ndi kaliyala. Koma pali chinthu chimodzi chimene ambiri sachisamala, ndicho chishalo, mpando waung'ono umene wopalasa akhalapo. Achikumbukira pokhapokha chitayamba kuwapweteka. Pamenepo atenga nsanza, kapena chidutswa cha siponji ya matiresi akale, nazimanga pamwamba pa chishalo ndi mphira wa chubu, nati, "Tsopano chafewa, ndidzayenda bwino." Koma patapita masiku owerengeka ululu ubwerera, ndipo nthawi zina uposa woyamba uja.

Anthu ambiri ayesa kuti chishalo chabwino ndicho chofewa koposa zonse. Maganizo amenewa ali olakwa, ndipo asautsa anthu pachabe. Chishalo chabwino ndicho chimene chilingana ndi mafupa a mwini wake ndi kakhalidwe kake pa njinga. Kapangidwe kake ndiko koyamba. Zofewetsa zidza pambuyo, ndipo zifunika pang'ono chabe. Mwana wa sukulu ayenera kudziwa chifukwa chake, pakuti mawa adzakhala ndi njinga yake, ndipo ngakhale lero angathe kuthandiza atate ake kapena mkulu wake.

2. Mafupa awiri okhalira

Mwana akakhala pa benchi louma la m'sukulu naika manja ake pansi pa matako, adzamva mafupa awiri olimba, lina kumanja, lina kumanzere. Amenewa ndiwo mapeto a m'munsi a mafupa a m'chiuno. Ntchito yawo ndiyo kunyamula thupi munthu akakhala pansi, monga mapazi alinyamula iye akaimirira. Kwa anthu aakulu ambiri mafupa awiriwa atalikirana masentimita 10 kufikira 15. Sali ofanana kwa anthu onse. Wina ali wonenepa koma mafupa ake ali oyandikana, wina ali wowonda koma mafupa ake ali otalikirana. Kawirikawiri a akazi atalikirana koposa a amuna.

Pakati pa mafupa awiriwo, ndi kutsogolo kwake, pali mnofu wofewa. M'menemo mudutsa mitsempha ya magazi, ndi mitsempha ina yonga ulusi imene ipatsa ziwalo za m'munsi mphamvu ya kumva, ndiponso njira ya mkodzo. Malo amenewa sakhoza kusenza katundu. Akapanikizika nthawi yaitali magazi sayenda bwino, ndipo munthu amva dzanzi, monga mwendo uchita dzanzi mwini wake akaukhalira pamphasa.

Tsono ntchito ya chishalo ili yodziwika. Chiyenera kulandira mafupa awiri aja pa malo olimba ndi osalala, ndi kuleka mnofu wapakati osaupanikiza. Amayi osenza mitsuko anaidziwa kale nzeru imeneyi. Nkhata yabwino aipinda molimba, ndipo pakati pake asiya malo opanda kanthu. Mtsuko ukhazikika pa mzere wozungulira, ndipo mutu sulemedwa pamalo amodzi. Mayi akaunjika thonje lofewa pamutu m'malo mwa nkhata, thonjelo lidzaphwatalala, mtsuko udzagwedezeka, ndipo khosi lidzatopa asanafike kumudzi. Chishalo ndicho nkhata ya wopalasa njinga.

3. Chifukwa chake chofewetsetsa chipweteka

Munthu akaponda pa dothi louma, thupi lake litsamira pa chidendene ndi pa mbali yolimba ya kutsogolo kwa phazi. Koma akaponda m'matope a kudimba, phazi limira, ndipo matope atuluka pakati pa zala nakwera mpaka mu akakolo. Siponji yochindikala ichita monga matope. Mafupa awiri aja amira m'menemo kufikira agunda chitsulo kapena pulasitiki ya pansi, ndipo siponji yotsala pakati itukuka nikankha mnofu wofewa. Pamenepo kulemera kwa thupi kwachoka pa mafupa oyenera kukusenza, ndipo kwapita pa malo osayenera. Pa ulendo waufupi, monga kuchokera kunyumba kunka kumsika, munthu sazindikira kanthu. Pa ulendo wa maola awiri kapena atatu dzanzi liyamba.

Choipa chachiwiri ndicho kukhulana. Chishalo chomangidwa nsanza chikula m'mbali, ndipo ntchafu zikhula pamenepo nthawi iliyonse mwendo ukatsika. Mwana wodziwa masamu awerenge yekha. Ngati munthu azunguza mapedulo ka 60 pa mphindi imodzi, pa ola limodzi awazunguza ka 3,600, ndipo pa maola atatu ka 10,800. Mfundo yaing'ono ya mphira, kapena msoko wa chiguduli, umene dzanja silingauyese kanthu, ukakhula khungu ka 10,800 usiya chilonda.

Choipa chachitatu ndicho chinyezi. Siponji ndi nsanza zimwa thukuta m'nyengo yotentha ya Okutobala, ndipo zimwa madzi m'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo. Sizifulumira kuuma. Khungu lokhala pa chonyowa lifewa, linyuka msanga, ndipo tizilombo ta matenda tilowa pa chilondacho. Pamenepo patuluka chithupsa. Munthu wa chithupsa pa malo okhalira sangathe kupalasa. Agona m'nyumba masiku ambiri, matimati naolera m'dengu, ndipo ana agona ndi njala chifukwa cha chidutswa cha siponji. Akulu anati, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Mawu amenewa ayenera chishalo chotukuka chimene chikondweretsa chala cha wogula pamsika.

4. Mmene chishalo chinayambira

Vuto limeneli si la lero. Njinga yoyamba ya magudumu awiri anaipanga Karl Drais ku Germany m'chaka cha 1817. Inali yamatabwa, yopanda mapedulo, ndipo wokwerapo ankakankha pansi ndi mapazi. M'zaka za m'ma 1860 amisiri a ku France anaika mapedulo pa gudumu lakutsogolo. Magudumu ake anali amatabwa ozengedwa ndi chitsulo, ndipo njingayo inagwedeza thupi kotero kuti anthu a ku England anaitcha dzina lotanthauza chogwedeza mafupa.

Mu mzinda wa Birmingham, ku England komweko, munali mmisiri wa zikopa dzina lake John Boultbee Brooks. Iye anayamba ntchito yosoka zomangira akavalo m'chaka cha 1866. Anthu asimba kuti kavalo wake atafa anabwereka njinga, ndipo mpando wake unampweteka kotero kuti anatsimikiza mtima kupanga wina wabwino. M'chaka cha 1882 analembetsa ku boma chishalo chake choyamba. Zishalo za kampani yake zinatchuka m'maiko ambiri, ndipo kutchuka kwake sikunadze ndi thonje kapena nthenga. Zinali za chikopa chochindikala cha ng'ombe, chokokedwa pa felemu ya chitsulo. Kufikira lero zishalo zotere azipangabe ku Smethwick, pafupi ndi Birmingham.

M'chaka cha 1885 John Kemp Starley wa ku Coventry anapanga njinga yotchedwa Rover, yokhala ndi tcheni kukokera gudumu lakumbuyo, ndiyo kholo la njinga zimene zidutsa pa Chirimba lero. Ndipo m'chaka cha 1888, chaka chomwecho chimene anthu a ku Blantyre anayamba kumanga tchalitchi cha njerwa cha St Michael and All Angels, dokotala wa ziweto wa ku Belfast, John Boyd Dunlop, anapangira mwana wake matayala opopa mpweya. Kuyambira pamenepo mpweya wa m'matayala ndiwo ulandira kugunda kwa timiyala ta mumsewu. Chifukwa chake chishalo sichiyenera kukhala pilo. Ntchito yochepetsa kugwedeza inapatsidwa kale kwa matayala ndi masipuling'i.

5. Zopangira zishalo

Chikopa ndicho choyamba. Chishalo cha chikopa chikokedwa monga akoka chikopa cha ng'oma, ndipo pansi pake palibe kanthu koma mpweya. Chikakhala chatsopano chili cholimba ndithu, ndipo munthu wosadziwa achinyoza. Koma mwini wake akapalasa masabata angapo, mafupa ake asiya timaenje tiwiri pa chikopacho, ndipo chilingana naye monga mpini wa khasu ulingana ndi dzanja la mlimi. Palibe mlimi akulunga mpini ndi thonje, aufuna wosalala. Chikopa chili chosalala, ndipo sichitentha thupi kwambiri. Apa mpamene pali zoona za mwambi wakuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Mdani wa chikopa ndiye mvula. Monga ng'oma yonyowa silira, chishalo chonyowa chilekerera nichitsika pakati. Chifunika kuchivundikira mvula ikamagwa, kuchipaka mafuta pang'ono nthawi zina, ndi kumanga pang'ono chabe bawuti ya pansi pa mphuno yake chikayamba kulekerera.

Masipuling'i ndiwo achiwiri. Njinga zakuda zolimba zimene anthu a m'Malawi azidziwa kuyambira kale, monga Raleigh ndi Humber za ku England, Phoenix ya ku China ndi Hero ya ku India, zili ndi masipuling'i awiri opota kumbuyo kwa chishalo. Ntchito yawo isiyana ndi ya siponji. Gudumu likagwa m'dzenje, masipuling'i atsika nakweranso, ndipo msana supweteka. Koma pamwamba pa chishalo pakhala polimba monga kale, ndipo mafupa samira. Kwa munthu wopalasa ali chilili m'njira za dothi ndi miyala, monga zili zambiri za m'kati mwa Chirimba, masipuling'i athandiza koposa siponji. Sipuling'i imodzi ikathyoka chishalo chipendekera mbali imodzi, ndipo chiuno ndi bondo ziyamba kuwawa. Iyenera kusinthidwa msanga.

Siponji ndiyo yachitatu, ndipo zishalo zambiri za m'misika lero zili za siponji yoikidwa pa pulasitiki. Zishalo za pulasitiki zinayamba kufala cha m'ma 1960. Ubwino wake ndi wakuti mtengo wake uli wochepa, zili zopepuka, ndipo siziopa mvula malinga chokutira chake chisang'ambike. Koma siponji ili ya mitundu iwiri, yolimba ndi yawedewede. Wogula aiyese ndi chala chachikulu. Ngati chala chimira msanga nichigunda pulasitiki ya pansi, siponjiyo ili yachabe. Ngati ilola pang'ono, nikaniza, nibwerera chala chikachoka, imeneyo ndiyo yabwino, ndipo sifunika kuchindikala kwambiri. Siponji ikalamba iphwatalala osabwereranso, ndipo pamenepo yatha ntchito.

Chachinayi ndicho chinthu chonga phala loundana chimene achitcha gel, chimene anayamba kuika m'zishalo m'zaka za m'ma 1980. Chikoma pochikhudza, ndipo chithandiza pa maulendo aafupi. Koma m'kupita kwa nthawi chisuntha pansi pa mafupa nichiunjikana pa malo ena, ndipo mlandu wake ufanana ndi wa siponji yofewetsetsa.

Pamwamba pa zonsezi pali chokutira. Chikhale chosalala, chosamwa madzi, ndi chopanda msoko pa malo amene ntchafu zidutsa.

6. Kapangidwe ka chishalo

Chishalo chili ndi mbali ziwiri, kumbuyo kotakata ndi mphuno yowonda kutsogolo. Kumbuyo ndiko kokhalapo. Mphuno si yokhalapo. Ntchito yake ndiyo kuthandiza ntchafu kugwira njinga pokhota ndi potsika mtunda. Chifukwa chake mphuno ikhale yowonda kuti miyendo idutse momasuka.

Kukula kwa kumbuyo kutsata zinthu ziwiri. Choyamba ndicho kutalikirana kwa mafupa a mwini wake. Chishalo chikachepa, mafupa alendewera m'mbali, ndipo munthu akhala monga wokwera pa mtanda wa denga, thupi lonse litatsamira pa mnofu wapakati. Chikakulitsa, m'mbali mwake mukhula ntchafu. Chachiwiri ndicho kakhalidwe ka wopalasa. Munthu wopalasa ali chilili, msana uli wowongoka, aika pafupifupi thupi lake lonse pa chishalo, ndipo akhalira mbali yotalikirana ya mafupa. Iye afuna chishalo chotakata cha masipuling'i. Koma wothamanga pa mpikisano awerama, kulemera kwina kunka pa manja ndi pa mapedulo, ndipo akhalira mbali ya kutsogolo kumene mafupa ayandikana. Iye afuna chishalo chowonda. Anyamata ena agula chishalo chowonda cha mpikisano chifukwa cha kukongola kwake, nachiika pa njinga yosenza makala. Enanso aika chotakata pa njinga yowerama. Onse awiri alakwa, pakuti chishalo chilichonse chili ndi njinga yake.

Zishalo zina zili ndi ngalande pakati, zina zili ndi bowo. Ameneyu ndiye mwini nzeru ya nkhata ija. Zithandiza anthu ambiri amene avutika ndi dzanzi, malinga kumbuyo kwake kulingane ndi mafupa awo. Amayi ndi atsikana opalasa njinga, amene ali ambiri tsopano m'midzi ndi m'matauni, kawirikawiri apeza bwino pa chishalo chotakata pang'ono ndi cha mphuno yaifupi. Sikoyenera kuti mtsikana apirire chishalo cha mlongo wake nayesa kuti ululu ndiwo mwambo wa njinga.

Kuyesa mafupa sikufuna ndalama. Munthu atenge chidutswa cha katoni yochindikala, achiike pa benchi louma, akhalepo monga akhala pa njinga, nanyamule mapazi pang'ono. Akaimirira adzaona timaenje tiwiri. Ayese ndi rula kuchokera pakati pa kena kufikira pakati pa kanzake. Kumbuyo kwa chishalo kupose muyeso umenewo ndi masentimita 2 kapena 3, ndipo kwa wopalasa ali chilili kupose ndi ochulukirapo pang'ono.

7. Mpando wa kabaza

Wina adzafunsa kuti, nanga mpando wofewa umene anthu a kabaza amanga pa kaliyala, kodi nawonso alakwa? Iyayi, salakwa. Lero akabaza ambiri a mu mzinda wa Blantyre ayendetsa njinga zamoto, koma ku madera a chidikha a m'Malawi kabaza wopalasa alipobe, ndipo mpando wake wakumbuyo uli thabwa lalitali lokhala ndi siponji yochindikala, yokutidwa ndi nsalu ya pulasitiki ya mitundu yokongola. Wokwera pamenepo sapalasa. Miyendo yake ili chete pa zopondera, ndipo palibe kukhulana. Akhala pa malo otakata monga pa mpando wa m'nyumba, kulemera kwake kugawika pa matako ndi pa ntchafu, ndipo ulendo wake uli waufupi. Pansi pake palibe masipuling'i, koma chitsulo cha kaliyala chokha pamwamba pa gudumu. Kwa iye siponji yochindikala ili yoyenera.

Koma pali chinthu chomvetsa chisoni. Mwini kabaza asamala mpando wa mlendo amene akhalapo mphindi khumi, nauveka mphonje ndi maluwa, pamene iye mwini akhala tsiku lonse pa chishalo chong'ambika, chopendekera, cha sipuling'i yothyoka. Kusamala mlendo kuli kwabwino, pakuti ndiko kuitana ndalama. Koma njinga iyenda ndi thupi la wopalasa, ndipo thupilo likadwala mpando wamaluwa uja ukhala m'nyumba wopanda woukwera.

8. Mnyamata ndi mmisiri wa njinga

Nachi chitsanzo cha zimene zichitika kawirikawiri. Mnyamata wina amene atate ake amtuma kuchigayo ndi njinga yawo afika kwa mmisiri wokonza njinga patsinde pa mtengo, nati, "Bambo, ndifuna siponji yomanga pa chishalo ichi. Chindipweteka kwambiri."

Mmisiri ayang'ana njinga, nayang'ana mnyamatayo, nati, "Takwera, mwana wanga, ndione mapalasidwe ako." Mnyamata akwera, ndipo chiuno chake chili kugwa uku ndi uku, pakuti miyendo yake sifika bwino pa mapedulo.

Mmisiri ati, "Chishalo chilibe mlandu. Atate ako ali aatali, iwe uli wamfupi. Uli kudzicheka wekha pa chishalo monga sowo icheka thabwa." Atenga sipanala, namasula bawuti, natsitsa chishalo. Ndipo ati, "Ika chidendene chako pa pedulo, pedulo ili pansi penipeni. Mwendo uwongoke, koma chiuno chisapendeke. Pamenepo ndipo pa muyeso wako. Popalasa uponde ndi kutsogolo kwa phazi, ndipo bondo lidzapindika pang'ono monga kuyenera."

Kenaka aika kathabwa pamwamba pa chishalo, naona kuti mphuno yake yaloza kumwamba. Ati, "Ichi ndicho chinali kukubaya." Aiwongola kufikira kathabwa kagona mofanana ndi pansi. Mnyamata afunsa, "Nanga siponji, bambo?" Mmisiri ati, "Sunga ndalama yakoyo. Koma ukafika kunyumba uwauze atate ako kuti ndatsitsa chishalo, ndipo ulembe chizindikiro pa mpini wake, kuti iwo akafuna kukwera achibwezere pa malo awo."

Mmisiri wotere anena zoona. Chishalo chokwezetsa chigwedeza chiuno nichikhula khungu. Chotsitsitsa chipweteka mawondo, ndipo thupi lonse lilemera pa malo okhalira. Mphuno yoloza kumwamba ipanikiza mnofu wapakati. Mphuno yoloza pansi itsetsereza munthu kutsogolo, ndipo manja ndi mapewa atopa pomkankhira kumbuyo. Pa mpini wa chishalo pali mzere wolembedwa ndi opanga. Chishalo chisakwezedwe kupitirira mzere umenewo, chifukwa mpini ungathyoke kapena kung'amba felemu.

9. Kuyankha otsutsa

Ena adzati, "Mawu awa ali a anthu olemera. Wosauka alibe ndalama ya chishalo chatsopano, ndipo nsanza ndizo ali nazo." Umphawi ulipodi, ndipo palibe woyenera kuseka mnzake chifukwa cha chishalo cha zigamba. Koma zambiri zimene zanenedwa pano sizifuna ndalama. Kutsitsa, kukweza ndi kuwongola chishalo kufuna sipanala yobwereka. Kuyesa mafupa kufuna katoni yotayidwa. Chishalo chong'ambika chingakutidwe ndi chidutswa chimodzi chosalala cha chikopa kapena cha chubu chakale, chokokedwa molimba, mfundo zake zili pansi. Ndipo tsiku logula lina likafika, munthu awerenge mtengo wa chishalo pamodzi ndi mtengo wa masiku amene adzagona ndi chithupsa. Adzaona kuti chotsika mtengo ndi chiti.

Enanso adzati, "Ine ndinakhala pa chishalo cholimba, ndipo mafupa anandiwawa." Ichi nacho chili choona, koma ululu uli wa mitundu iwiri, ndipo uyenera kusiyanitsidwa. Munthu woyamba kumene kupalasa, kapena amene waleka nthawi yaitali, amva kuwawa pa mafupa awiri aja, monga manja awawa pa masiku oyamba a kulima. Kuwawa kumeneko kutha m'masabata owerengeka, ngati ayamba ndi maulendo aafupi. Koma dzanzi, kutentha, kapena kuwawa kwa mnofu wapakati sikuli kozolowereka, ndipo sikuyenera kupiriridwa. Kumeneko ndiko kuchenjeza kwa thupi kuti chishalo chalakwa. Munthu aime, akonze chishalo, ndipo ngati dzanzi silichoka patapita masiku, kapena chilonda sichipola, kapena avutika potaya madzi, apite kuchipatala osachita manyazi. Safunsa anadya phula.

Wopalasa wanzeru achitanso izi. Aimirira pa mapedulo pofika pa dzenje, ndipo aimirira kanthawi pa ulendo wautali kuti magazi ayende. Pokwera mtunda ndi katundu wolemera atsika nakankha, pakuti mitunda ya ku Blantyre ili yambiri. Apopa matayala mokwanira. Avala kabudula kapena buluku loyera, lopanda msoko wokhuthala pa malo okhalira, ndipo asamba akafika kunyumba. Njinga aiimika pamthunzi, chifukwa dzuwa ling'amba pulasitiki ndi kuumitsa chikopa.

Tsono mwana amene wawerenga phunziro ili akafika kwawo ayang'ane njinga ya pakhomo. Aone ngati chishalo chagona mowongoka, ngati masipuling'i onse ali amoyo, ndi ngati pali nsanza zomangidwa pamwamba pake. Akapeza cholakwa auze mwini njinga mwaulemu, ndi kumfotokozera za mafupa awiri ndi za nkhata. Atate amene apalasa kuchokera ku Lunzu mpaka ku Chirimba kuti mwana wawo apeze kope ndi pensulo ayenera kubwerera kunyumba opanda chilonda.

Mafunso

1. Kodi ntchito ya mafupa awiri okhalira ndi yotani?
2. Chishalo chifanana bwanji ndi nkhata?
3. Zoipa zitatu za kumanga siponji ndi nsanza pa chishalo ndi ziti?
4. Munthu akazunguza mapedulo ka 60 pa mphindi imodzi, adzawazunguza kangati pa maola awiri?
5. Kodi John Boyd Dunlop anapanga chiyani m'chaka cha 1888, ndipo chinathandiza bwanji opalasa njinga?
6. Chifukwa ninji siponji yochindikala iyenera mpando wakumbuyo wa kabaza, koma siyenera chishalo cha wopalasa?
7. Munthu adziwa bwanji kuti chishalo chake chili pa muyeso wa miyendo yake?